Kukonzekera ulendo wogona panjira ndi njinga: zogula ku Lilongwe, zoyesa musanalipire, ndi zongosiya m'sitolo

Nyengo ya maulendo ataliatali a panjinga kuno ku Lilongwe imayamba mvula ikakata, cha mu Meyi, n'kumatha dzuwa la Okutobala likafika poswa mtengo. M'miyezi imeneyi okwera njinga amakhala akuonetsana zomwe agula: uyu chikwama chomangirira kunsi kwa chishalo chochokera ku Johannesburg, uyo tenti ya pakaunjika, winayo kaliyala yowotcheretsa ku Mchesi. Katunduyo nthawi zambiri amakhala wabwino ndithu. Chomwe chimalakwika ndi poyambira. Ndalama zimathera ku zikwama ndi matenti, zinthu zokongola pachithunzi, pomwe matayala, masipoko ndi mabauti, zomwe zimathetsa ulendo pakati pa Nathenje ndi Linthipe, zimatsala mmene zinalili.

Chilichonse chomwe mukufuna kugula chifunseni funso limodzi ili: chikandithyokera pamsika wa kumudzi, wokonza njinga wa patsinde pa mango angachikonze ndi zida zomwe ali nazo? Ngati sangathe, kodi chosinthira chake ndingachinyamule m'thumba? Mitengo sitiitchula pano. Chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo womwe mwamva lero sukhalitsa, makamaka wa katundu wochokera kunja.

Mawilo choyamba

Onani nambala zolembedwa m'mbali mwa tayala lanu. Pali ziwiri zolumikizidwa ndi kamzere, monga 50-559. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ndi kukula kwa limu, ndipo yachiwiriyi ndiyo yosanama. 559 ndi wilo la mainchesi 26 la njinga za mountain bike zakale. 584 ndi la 27.5. 622 ndi la 29 kapena 700c. Njinga zakuda za makolo, zomwe a kabaza ambiri amayendetsa, zili ndi 635, lomwe limalembedwa kuti 28 x 1 1/2. Apa ndi pomwe anthu amataya ndalama: matayala ena a 622 amalembedwanso kuti 28, koma tayala la 635 silikhala pa limu ya 622, ndipo la 622 silingalowe pa 635 ngakhale mulikakamize ndi sipanala. Pokagula ku Malangalanga kapena m'misika ya ku Old Town, lembani nambala yachiwiriyo papepala, musadalire mawu a wogulitsa oti "ndi saizi yomweyo, bwana".

M'misika ya kumidzi, matayala ndi machubu omwe sasowa ndi a 28 x 1 1/2 ndi a 26. A 27.5 ndi 29 mukangotuluka m'tauni musawayembekezere. N'chifukwa chake kwa munthu amene akugula njinga ya maulendo koyamba, mountain bike yakale ya felemu yachitsulo, ya mawilo a 26, yopanda masipiring'i kutsogolo, imaposa njinga yonyezimira ya 29 yogula mowirikiza mtengo. Amene muli kale ndi 29 palibe chifukwa choigulitsira, koma machubu awiri osinthira ndi anu onyamula, ndipo ulendo ukapitirira sabata, tayala lopindika limodzi.

Kunenepa kwa tayala kukhale pakati pa mamilimita 45 ndi 55. Lowonda kuposa apo limamira mumchenga wa m'mphepete mwa madambo, ndipo pamsewu wa mabampu ang'onoang'ono otsatizana manja amachita dzanzi musanafike patali. Lamano akuluakulu limalira ndi kukuchedwetsani pa tala. Sankhani losalala pakati, lamano m'mbali. Tayala la pakaunjika lipindeni m'mbali ndi zala: mukaona ming'alu yambiri ing'onoing'ono, kapena ulusi ukuonekera, lasweka kale ndi dzuwa ngakhale mano ake akhale atsopano.

Mavalavu alipo atatu. Yaikulu ngati ya galimoto, ya Schrader, ndiyo ya maulendo, chifukwa mutha kupopa pamalo omwetsera mafuta komanso kwa omata matayala a njinga zamoto. Yowonda ya Presta imafuna pampu yake kapena kachitsulo kolumikizira, kamene kamasowa msanga mukapanda kukamangirira pa valavupo. Yachitatu, ya Dunlop, ndi ya njinga zakuda zija. Bowo la limu ya Schrader ndi pafupifupi mamilimita 8.5, la Presta 6.5, choncho chubu cha Schrader chomwe mungagule panjira sichilowa pa limu ya Presta. Pa limu yotakata ya mountain bike bowolo limakuzidwa ndi dirilo popanda vuto, bola m'mbali mwake mupale bwino kuti musatsale chakuthwa. Limu yopyapyala ya njinga zothamanga musaiboole.

Mpweya: pa tayala la 26 x 2.0, munthu wa thupi lapakatikati ndi katundu wake, kumbuyo 45 mpaka 50 psi (muyeso wa mpweya pa geji ya pampu) pa tala, 35 mpaka 40 pafumbi, kutsogolo kucheperako ndi 5. Chubu chikaphwa, musathamangire kumata, yambani mwaona pomwe pali bowo. Mabowo awiri oyandikana ngati polumidwa ndi njoka akutanthauza kuti mpweya unali wochepa ndipo limu inatsina chubu pamwala. Bowo la mkati, koyang'ana masipoko, ndi lamba wa mulimu amene wasuntha kapena kung'ambika. Bowo la kunja ndi munga kapena kawaya, ndipo kakadali m'tayalamo; yendetsani kansalu mkati mwa tayala mpaka kakole, apo ayi chubu chatsopano chiphwanso musanathe kilomita. Pomata, palani ndi sandipepa, pakani guluu pang'ono kwambiri, dikirani mphindi 3 mpaka 5 mpaka asiye kunyezimira, kenako dindani chigamba mwamphamvu. Zigamba zambiri zimamatuka chifukwa cha phuma la pamphindi zimenezi. Guluu wotsekulidwa kale amauma m'kati mwa miyezi yochepa, ndiye nyamulani kachubu kamodzi kosabooledwa.

Wilo la kumbuyo likhale la masipoko 36, kapena 32 ngati limu ndi ya makoma awiri. Finyani masipoko awiriawiri kuzungulira wilo lonse. Olefuka ndiwo amayamba kuduka, ndipo amadukira pachigongono, pa habu, chitsulo cha pakati pa wilo. Pitani nalo kwa mmisiri akalikunge musananyamuke. Masipoko osinthira anayi, a muyeso wa wilo lanu lenilenilo, amangirireni ku felemu ndi tepi. A njinga zakuda, omwe ndiwo amapezeka kumudzi, ndi aatali kwambiri pa wilo la 26. Dziwaninso kuti omwe amaduka kawirikawiri ndi a mbali ya tcheni, ndipo sipoko yatsopano singalowe kumeneko musanachotse magiya a kumbuyo, choncho kachitsulo komasulira magiyawo kali m'gulu la zonyamula.

Pa habu pali chinthu chimodzi choti mufunse. Njinga zotchipa zambiri za magiya 6 kapena 7 kumbuyo zili ndi freewheel, magiya a kumbuyo opotera pa habu, ndipo mabelingi a mbali imeneyo amakhala m'kati kwambiri, kusiya ekiselo yaitali yopanda chochirikiza. Ndi katundu, pamabampu, ekiselo imeneyi imapindika kenako n'kuthyoka. Habu ya cassette, yomwe magiya amangolowetsedwa osapotera, ilibe vutoli. Ngati yanu ndi ya freewheel, ekiselo yosinthira ndi yotchipa ndipo silemera.

Magiya, tcheni ndi mabuleki

Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamwamba pa nyanja yaikulu, nyanja ya Malawi ili pa 474. Kupita ku Salima pa M14, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, n'kosangalatsa mukangodutsa mapiri a ku Dowa. Pobwerera mamita onse aja muwabweza ndi miyendo. Ku Dedza, makilomita pafupifupi 85 pa M1, tauni yake ili cha pa mamita 1,600. Amene mukufuna kutsikira ku Golomoti kudzera ku Khwekhwelele kuti mukaone ku Mua, kumeneko ndiye kumayesa mabuleki potsika ndi maondo pokwera. Giya yanu yopepukitsitsa ikhale ya mano 22 kapena 24 kutsogolo ndi 32 kapena 34 kumbuyo. Yolemera kuposa apo mukhala mukukankha njinga.

Magiya 7 kapena 8 kumbuyo ndi okwanira, ndipo tcheni chake n'chimodzi, chopezeka mosavuta. Cha magiya 9, 10, 11 chimanka chiwonda, chilichonse ndi saizi yake, ndipo tcheni chonenepa cha njinga zakuda sichigwira pa chilichonse mwa izi. Kutha kwa tcheni kumayezedwa ndi rula: mfundo 12 zathunthu (yam'kati ndi yakunja pamodzi ndiyo imodzi) za tcheni chatsopano ndi mamilimita 305. Zikafika 306.5, sinthani. Zikadutsa 308, mano a kumbuyo nawonso adyeka kale, ndipo tcheni chatsopano chizidumpha mukapalasa mwamphamvu. Nyamulani chodulira tcheni ndi mfundo yolumikizira ya saizi yanu. Kachitsulo kolumikiza derailleur, chosinthira magiya a kumbuyo, ku felemu kanapangidwa kuti kazipindika njinga ikagwa, pofuna kuteteza felemu, ndipo felemu iliyonse ili ndi kamtundu wake. Pa njinga ya aluminiyamu kasakeni kosinthira mukadali m'tauni. Zikavutitsitsa, chotsani derailleur, fupikitsani tcheni pa giya imodzi yapakati, mukafika.

Pafumbi la chilimwe oilo wambiri ndi mdani. Dontho limodzi pa mfundo iliyonse, zungulizani, pukutani kunja konse ndi kansanza. Oilo wakuda wotsala mu injini amasakanikirana ndi fumbi n'kusanduka phala lopera tcheni.

Mabuleki a zingwe, kaya ogwira pa limu kapena a disc, amakonzeka paliponse. A mafuta amagwira bwino koposa, koma paipi ikang'ambika ku Mitundu mwatsala ndi buleki imodzi, ndipo mafuta ake sasakanizidwa: mabuleki a kampani ya Shimano amafuna mafuta a mineral, pomwe a DOT, a mabuleki a galimoto, amawononga timalabala ta m'kati mwake. Nyamulani mapadi awiri osinthira ndi chingwe chimodzi chachitali cha buleki, china cha giya. Potsika phiri lalitali musagwire mabuleki mosalekeza. Gwirani mwamphamvu, siyani, gwiraninso. Limu ikatentha kwambiri chubu chimatha kuphulika.

Kaliyala kapena zikwama zomangirira?

Masiku ano kwatchuka kachitidwe ka bikepacking, komangirira zikwama zofewa ku chishalo, ku mahandulo ndi m'kati mwa felemu popanda kaliyala. Kanayambira kwa okwera m'tinjira topanikiza ta m'mapiri, komwe zikwama za m'mbali zimakola m'mitengo ndi m'miyala. Ku Dzalanyama kapena ku Ntchisi m'nkhalango kamathandiza. Koma maulendo ambiri ochokera ku Lilongwe amadutsa m'misewu yomwe ngolo za ng'ombe zimadutsa, ndipo kumeneko kaliyala ndi chikwama chimodzi chosalowa madzi chomangidwa pamwamba ndi malegeni zimagwira ntchito yomweyo pa ndalama zochepa. Anthu a kuno akhala akunyamula matumba a makala ndi chimanga pa malegeni kuyambira kalekale. Palibe chochititsa manyazi. Chubu chakale chimodzi chimatulutsa malegeni anayi aatali, ndipo saterereka ngati zingwe za nayiloni.

Kaliyala ya aluminiyamu ya m'sitolo imadindidwa kulemera komwe ingapirire, kawirikawiri makilogalamu 25. Yopanda chidindo, yomangirira pa mtengo wa chishalo pokha, ndi yonyamulira buledi. Aluminiyamu ikathyoka, owotcherera a m'mbali mwa msewu sangailumikize, pomwe yachitsulo amaiwotcherera paliponse pali magetsi. Powotcheretsa yanu, pitani ndi njinga yomwe, osati muyeso wa papepala. Uzani mmisiri kuti pamwamba pake pakhale pofanana, osapendekera kumbuyo, pakati pa tayala ndi kaliyala pakhale mpata wa zala zitatu, ndipo miyendo yake ikhale ndi chitsulo chopingasa choletsa chikwama kulowa m'masipoko. Musalole kuti awotcherere pa felemu ya njinga; kaliyala ilowe ndi mabauti.

Mabauti ake ndi a M5, omasulidwa ndi alani kiyi ya 4. Amamasuka okha ndi kugwedezeka, limodzi likagwa linzake limasenza katundu yense mpaka kudukira m'bowo. Pakani kadontho ka mankhwala omanga mabauti, akasowa, utoto wa zikhadabo umagwira, ndipo madzulo aliwonse a ulendo ayeseni ndi kiyi. La mbali ya tcheni lisatalike, chifukwa nsonga yake ikatulukira m'kati imakola tcheni pa giya yaing'ono. Anayi osinthira, ndi manati ake, alowe m'kathumba ka zida.

Zikwama za m'mbali ziyeseni ndi nsapato zomwe mudzavale. Chidendene chikamagunda chikwama popalasa, sunthirani chikwama kumbuyo. Pa njinga zazifupi kumbuyo mpata umakanika ndithu, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi muli m'sitolo.

Amene mwasankha zomangirira, yezani musanaitanitse. Chikwama cha kuchishalo cha malita 10 mpaka 14 chimafuna mpata wa masentimita pafupifupi 20 kuchokera ku tizitsulo ta pansi pa chishalo kufika pa tayala, ndi mtengo wa chishalo woonekera masentimita osachepera 12 kapena 15. Anthu aafupi msinkhu amagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri: chikwama chimafika, n'kupezeka kuti chikukhuza tayala, ndipo tayala limaboola nsalu m'tsiku limodzi. Chimagwedezekanso uku ndi uku mukaimirira popalasa. Mankhwala ake ndi kalongedzedwe: zolemera ndi zolimba kutsinde, pafupi ndi mtengo wa chishalo, zofewa kunsonga, zonse zotsenderezedwa mpaka chikwama chilimbe ngati mtolo wa fodya. Cha kumahandulo chisapitirire makilogalamu 3. Onetsetsani kuti sichikupinda zingwe za mabuleki, ndipo ngati foloko ili ya masipiring'i, itsamireni mpaka pansi muone ngati tayala likuchikhudza.

Chikwama cha m'kati mwa felemu ndicho chosafunika kuitanitsa kunja. Dulani katoni yolowa ndendende m'katimo, lembanipo pomwe pali zingwe ndi mabauti a botolo, pitani nayo kwa telala wosoka zikwama kapena mipando ya galimoto, amene makina ake amabaya lona. Kunenepa kwake kusapitirire masentimita 6, apo ayi maondo azikhuza. Zipi ikhale yamano akuluakulu, ya nambala 8 kapena 10, popeza fumbi limapha zipi zazing'ono. Ikayamba kulimba pakani kandulo. Mmenemo ndi moika zolemera: zida, machubu, chakudya. Pamalo ponse pomwe lamba akhudza felemu kulungani tepi ya magetsi, chifukwa fumbi likalowa pansi pa lamba limadya penti, pa aluminiyamu limadya ndi chitsulo chomwe.

Mawu oti chikwama sichilowa madzi musawakhulupirire musanayese. Ikanimo nyuzipepala, tsekani, pindani kukamwa katatu ngati n'chopinda, chiikeni pansi pa mpopi mphindi 5. Zosokedwa ndi ulusi zimalowetsa m'misoko. Zoterezo sizotaya, zimangofuna thumba lapulasitiki lokhuthala m'kati.

Katundu yense, osawerengera madzi, akhale pakati pa makilogalamu 10 ndi 15. Kumsana musabereke kanthu kolemera. Kulemerako kumathera pa chishalo, ndipo tsiku lachiwiri mudzayenda chotang'adza.

Pogona

Ulendo woyamba ndi wachiwiri tenti siyofunika kwenikweni. Mponela, Dedza, Salima, Mchinji, Ntchisi, konseko kuli maresitihausi, ndipo njinga mumalowa nayo m'chipinda. Chofunika ndi neti yanuyanu ndi kachingwe koimangira, chifukwa ya m'chipinda imatha kukhala yobooka, ndipo malungo a kunyanja sasankha nyengo.

Tenti ya pakaunjika muiimike pomwepo musanalipire, ngakhale wogulitsa anyinyirike. Werengani mitengo yake. Yang'anani kumwamba muli m'kati kuti muone mabowo. Nunkhizani: fungo lowawasa ndi kunata m'kati mwa nsalu zikusonyeza kuti chotchinga madzi chavunda, ndipo sichikonzeka. Tepi ya m'misoko ikamafundukuka ngati khungu la njoka, mvula idzadontha pamenepo. Nambala ya kulimba kwake pamadzi ikhale 1,500 mm kupita m'mwamba, ya nsalu ya pansi pa tenti 3,000. Mitengo ya fibreglass imalemera ndipo imang'ambika motalika. Ya aluminiyamu imapindika koma imamangika ndi kapaipi kakafupi. Yezaninso utali wa mitengoyo itapindidwa: yopitirira masentimita 45 silowa pakati pa mahandulo opindikira pansi. Tenti ya nsalu imodzi imachita thukuta m'kati usiku wozizira, mudzadzuka zofunda zitanyowa kulibe mvula. Ya nsalu ziwiri, yam'kati ili ya neti, ndiyo yoyenera kuno, popeza kunyanja mumagona mu neti yokhayo.

Mu Juni ndi Julayi usiku wa ku Lilongwe umatsika pansi pa madigiri 10, ku Dedza ndi ku Dzalanyama kuposa apo. Kuzizira kwambiri kumachokera pansi, ndiye chogonera n'chofunika kuposa kukhuthala kwa chofunda. Matiresi opopa ndi ofewa koma munga umodzi umawathetsa. A thovu lolimba opindapinda ndi aakulu koma saphwa. Sesani pamalo musanaimike tenti, yalani kalona pansi, ndipo pewani pafupi ndi chulu: chiswe chimaboola pansi pa tenti usiku umodzi. Mukaona mzere wa linthumbu, samukani, musayesere kulimbana nalo. M'tchire la m'mbali mwa mitsinje samalani ndi chitedze.

Malo ogona m'mudzi amapemphedwa kwa amfumu, dzuwa lisanalowe. Tsikani panjinga, perekani moni, fotokozani komwe mwachokera ndi komwe mukupita. Nthawi zambiri adzakulozerani pabwalo la sukulu, pa tchalitchi kapena pakhomo pawo pomwe, ndipo m'mawa kachithokozo, kaya paketi ya shuga kaya sopo, sikaiwalika. M'nkhalango za boma funsani kaye a zankhalango, ndipo moto wa nkhuni m'miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala musauyatse n'komwe.

Madzi, moto ndi chakudya

Pa ola lililonse lopalasa thupi limafuna madzi pakati pa theka la lita ndi lita, malinga ndi kutentha. Mijigo ilipo m'midzi yambiri, choncho malita 3 amakwana pakati pa mjigo ndi unzake; mu Okutobala onjezani 2. Botolo la pulasitiki la malita 1.5 kapena 2 lomangidwa ndi malegeni limachita bwino ngati la m'sitolo. Madzi a pachitsime chosavundikira kapena a mumtsinje awiritseni mpaka abwate mphindi imodzi, kapena thiranimo WaterGuard motsata muyezo wolembedwa pabotolo, n'kudikira mphindi 30. Sefa zazing'ono zofinya zimatsekeka msanga ndi madzi amatope; adikheni kaye, asefeni pa kansalu. Mapaketi a Thanzi ORS awiri kapena atatu asasowe. Akasowa, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi mchere theka la supuni ya tiyi.

Timbaula ta gasi topotera pa kachitini ndi tokongola, koma zitinizo sizipezeka mwachisawawa ngakhale mu Lilongwe momwe, ndipo sizidzazidwanso. Musagule kambaula musanadziwe komwe muzikagula gasi wake. Ka sipiriti wofiirira uja, wa m'mafamase ndi m'mahadiweya, ndiko kosavuta: mamililita pafupifupi 20 amawiritsa theka la lita, bola mutchinge mphepo ndi kuvundikira poto. Masana lawi lake silioneka, ndiye musathire sipiriti wina musanatsimikize kuti kazima ndi kuzizira. Nsima pa kambaula kotere ndi chintchito. Phikani tiyi, phala, mpunga ndi masoya pisi. Nsima mukadyere pamsika. M'thumba lofikira msanga mukhale mtedza, nthochi, mbatata yophika, mandasi kapena zitumbuwa, ndipo muzidya pang'ono ola lililonse njala isanakupezeni. Chiponde chitsekeni m'thumba lachiwiri, mafuta ake amatuluka ndi kutentha.

Zamagetsi ndi zoonekera pamsewu

Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko ndi theka, ndipo mdima umagwa msanga. M1 m'malo ambiri ilibe m'mbali mokwanira, tala yake inadyeka, ndipo mathiraki awiri akamapishanirana wa njinga ndiye wotsika. Nyali yofiira ya kumbuyo, chovala chonyezimira ndi kagalasi koonera kumbuyo zigulidwe pamodzi ndi matayala. Nyaliyo muimangirire pomwe chikwama sichiiphimba. Ya pa mtengo wa chishalo imabisika mukangolongedza. Helemeti ya pakaunjika ichotseni nsalu za m'kati, muikokere m'mbali pang'ono uku mukuyang'ana thovu lake. Mng'alu uliwonse ukutanthauza kuti inagwapo kale ndipo ntchito yake inatha.

Power bank ya 10,000 mAh yeniyeni imalemera magalamu 180 kupita m'mwamba, ndipo imafikitsa ku foni pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nambala yolembedwayo. Yolembedwa 30,000 koma yopepuka ngati paketi ya mabisiketi ndi yabodza. Idzazeni, tchajani foni yothima mpaka power bank ithe, muwerenge kuti yatchaja kangati. Mapu atsitsireni m'foni muli kunyumba, kaya a Google Maps kaya a OsmAnd, omwe amaonetsa tinjira tambiri ta kumidzi. Ndalama zina zikhale ku Airtel Money kapena ku Mpamba, zina zamapepala ang'onoang'ono m'malo awiri osiyana.

Zovala sitichedwapo: kabudula wa okwera njinga, wa kathovu kofewa m'kati, wovala wopanda kabudula wina wam'kati, malaya a manja aatali oteteza kudzuwa, jekete yotchinga mphepo ya mwera, chipewa cha ubweya ndi masokosi ouma ogonera. Zonsezi zimapezeka pa kaunjika wa ku Tsoka kupatula kabudulayo. Chitenje chimodzi ndi thaulo, chofunda, mthunzi ndi sefa. Chishalo chatsopano musachiyambire pa ulendo. Chikwereni milungu itatu kaye.

Kuyesa zonse pamodzi

Sabata ziwiri musananyamuke, longedzani ndendende mmene mudzalongedzere, madzi omwe, mupalase makilomita 30 mpaka 40 pamsewu wosakaniza tala ndi fumbi. Njira ya ku Likuni yolowera ku Malingunde, kapena ya ku Bunda, ili ndi zonse ziwiri. Pakatsetse, siyani njinga ithamange mutagwira mahandulo momasuka. Kutsogolo kukayamba kunjenjemera, katundu wachuluka kumbuyo kapena wakwera kwambiri, kapena kaliyala ikupindika. Sunthirani makilogalamu awiri kutsogolo kapena m'kati mwa felemu, muyesenso. Mvetserani chilichonse chogogoda kapena chokhuza. Imani pa kilomita ya 10, gwirani malamba onse, popeza nsalu zatsopano zimatamuka.

Pobwera, ikani pansi zida zomwe mwanyamula, mumasule nazo wilo la kumbuyo, muchotse tayala, mubwezere, mupope ndi kapampu kakang'ono komweko mpaka mpweya ukwane. Apa ndi pomwe zimadziwika kuti manati a wilo amafuna sipanala ya 15 yomwe mulibe, kapena kuti pampu imathera pa 25 psi. Imikani tenti pakhomo usiku, ndi tochi ya pamutu yokha. Zungulizani mawilo muone ngati apindika, finyaninso masipoko, yesani mabauti a kaliyala.

Amene mukuganiza zobwerera pa minibasi kuchokera ku Salima, gwirizanani mtengo wa njinga isanakwezedwe, chotsani zikwama, nyali ndi pampu mukhale nazo pamiyendo, ndipo muimirire pomwepo poimangirira kuti mbali ya tcheni iyang'ane kumwamba, isatsamiridwe ndi thumba la mpunga.